Phunziro la 14: Kudalira Mulungu pa Nthawi ya Mabvuto

Musanayambe phunziroli werengani: Marko 4, 35-41, Daniele 3, Yeremiya 32, 1-15.

Mau oyamba

Phunziro lino lidayamba ndi funso la mai wina wa kuno ku Degue. Mu Januwale 2022 namondwe uja dzina lace Ana adagwetsa mvula yoopsa m'dera lathu la Tete. Mtsinje wa Revubue udasefukira, udagumula mlatho, ndipo madzi adalowa m'nyumba ndi m'minda ya anthu ambiri. Patapita masabata angapo, tili pa msonkhano wa akulu ophunzira katekisimu, maiyo adaimirira nati: "Aphunzitsi, ine korona sindiisiya, Misa sindijomba. Usiku umene uja ndidagwada mpaka tambala kulira, kupempherera mwana wanga amene amakhala kufupi ndi mtsinjewo. M'mawa mwace ndidamva kuti madzi atenga mdzukulu wanga. Tandiuzani, Mulungu adali kuti?"

Tonse tidangoti cete. Ine ndidali ndi mayankho a m'buku, koma ndidaona kuti tsiku limenelo akadakhala ngati mcere pa bala. Ndidangoti: "Amai, khalani pansi, tiyambe talira nanu."

Funso limeneli si lacilendo, ndipo si ucimo kulifunsa. Makolo athu adalifunsa pa nthawi ya nkhondo ziwiri, anzathu a ku Cabo Delgado alifunsa kuyambira 2017, ndipo mwina inunso mwalifunsa mumtima pa maliro kapena pa njala. Tsono tiyeni tione cimene Malembo Oyera ndi mbiri ya Eklezia wa kuno kwathu zitiphunzitsa: kodi kudalira Mulungu nciani, pamene zinthu zonse zagwedezeka?

1. Yesu ali m'bwato

Marko Woyera atisimbira kuti tsiku lina madzulo Yesu adauza ophunzira ace kuti aolokere tsidya lina la nyanja ya Galileya. Ali pakati pa madzi padabuka mphepo yamkuntho, mafunde nayamba kudzaza bwato. Ambuye adali mtulo kumbuyo kwa bwatolo. Ophunzira adawadzutsa mowadandaula, ngati kuti imfa yao siikuwakhudza. Yesu adadzuka, adadzudzula mphepo, nyanja idacita bata, kenaka adawafunsa za mantha ao ndi za kucepa kwa cikhulupiriro cao.

Inu amene mudaolokapo Zambezi pa bwato madzi atadzaza, mukudziwa mantha amenewa. Koma taonani zinthu ziwiri. Coyamba, ophunzira sadalowe m'namondwe cifukwa ca kusamvera. Adalowamo cifukwa ca kumvera, pakuti amene adawalamula kuoloka ndi Yesu yemwe. Motero munthu asakunamizeni kuti tsoka lililonse ndi cilango ca macimo anu. Caciwiri, Yesu sadatsale pa mtunda kuti aziwayang'anira patali. Madzi amene adanyowetsa Petro adanyowetsanso Iye. Cimene ophunzira adaiwala si mphamvu ya Ambuye yokha, koma kuti Ambuyewo ali nao m'bwato lomwelo.

Apa ndiye pali phata la phunziro lathu. Mulungu sadatilonjeze ulendo wopanda mafunde. Adatilonjeza kuti sadzatisiya, ndi kuti imfa siidzakhala ndi mau omaliza. Wodalira Mulungu ndi munthu amene, podziwa zimenezi, sataya nkhafi, koma apitiriza kucita cimene Mulungu afuna ngakhale mdima usanathe.

2. Cikhulupiriro si cithumwa

Ambiri a ife timasokoneza kudalira Mulungu ndi kubvala cithumwa. Munthu wa cithumwa amati: ndalipira, ndasunga zoletsa, tsono coipa cisandigwere. Coipa cikamgwera amati mankhwala asukuluka, napita kwa sing'anga wina. Pali Akristu amene amagwira korona, madzi odalitsidwa ndi mendulo mwa njira yomweyo.

Cakumapeto kwa nkhondo yapaciweniweni, ku Zambézia ndi ku Nampula kudabuka gulu la Naparama. Mtsogoleri wao, Manuel António, ankatemera anyamata mphini nawauza kuti zipolopolo sizidzawalasa. Anthu otopa ndi nkhondo adamtsata ambirimbiri, ndipo sitingawaseke, pakuti adali kufuna kuchinjiriza midzi yao. Koma mu Disembala 1991 iye mwini adaphedwa pa nkhondo. Lonjezo lakuti thupi lako silidzakhudzidwa ndi lonjezo limene Mulungu sadapereke ngakhale kwa Mwana wace.

Buku la Daniele litionetsa njira ina. Anyamata atatu aja, Sadrake, Mesake ndi Abedinego, adalamulidwa kupembedza fano la mfumu Nebukadinezara, apo ai aponyedwa m'ng'anjo ya moto. Iwo adayankha kuti Mulungu wao ali nayo mphamvu ya kuwapulumutsa, komanso kuti ngakhale atapanda kuwapulumutsa, fanolo salipembedza. Sadacite malonda ndi Mulungu. Adaika moyo wao m'manja mwace asanadziwe mathero. Ndipo mfumu itasuzumira m'ng'anjomo idaona anthu anai, osati atatu. Mulungu sadazime moto, adalowamo.

Tsono tiyeni tibwere kwathu kuno, tione anthu amene adadalira Mulungu motere pa nthaka yathu ino.

3. Wiriyamu: kulemba maina

Pa 16 Disembala 1972, tsiku Loweruka, m'nyengo ya Adventi, asilikali a boma la Apwitikizi pamodzi ndi apolisi acinsinsi a DGS adathira nkhondo midzi ya Wiriyamu, Chaworha, Juawu ndi ina yoyandikana nayo, mtunda wa makilomita ngati 30 kumwera kwa mzinda uno wa Tete. Ankati anthu a kumeneko akuthandiza ankhondo a Frelimo. Adasonkhanitsa amuna, akazi ndi ana. Ena adawaombera, ena adawatenthera m'nyumba. Katswiri wa mbiri yakale Mustafah Dhada adapeza maina 385 a anthu amene adaphedwa.

Opulumuka ena obvulala adafika ku cipatala ca Tete, kumene asisteri adawasamala namva zimene zidacitika. Nthawi imeneyo kulankhula zotere kudali kudziitanira ndende. Kumayambiriro kwa caka comweco ansembe awiri a ku Mucumbura, Bambo Alfonso Valverde ndi Bambo Martín Hernández, adamangidwa cifukwa ca kuulula kuphedwa kwa anthu a m'misiyoni yao, ndipo adakhala m'ndende ya Machava pafupifupi zaka ziwiri. Tiyeneranso kubvomera mosabisa kuti si atsogoleri onse a Eklezia amene adalankhula. Pangano la 1940 pakati pa Vatikano ndi Portugal lidamangirira misiyoni ku boma la atsamunda, ndipo ambiri adakhala cete, ena cifukwa ca mantha, ena cifukwa ca kukondera boma.

Komabe Bambo Domingos Ferrão, wansembe mbadwa ya dera lino, adayamba kufunsa opulumuka mwakacetecete ndi kulemba maina a akufa, mmodzimmodzi. Ansembe a ku Spain a gulu la Burgos adakonza lipoti, nalitulutsa kunja kwa dziko. Pa 10 Julayi 1973 wansembe wa ku England, Bambo Adrian Hastings, adafalitsa nkhaniyi m'nyuzipepala ya The Times ku London, patangotsala masiku ocepa kuti Marcelo Caetano, mtsogoleri wa boma la Portugal, afike mumzindawo. Boma lidakana, mpaka kunena kuti mudzi wa Wiriyamu kulibe. Koma maina adalipo. Pa 25 Epulo 1974 boma lija lidagwa. Ndipo mu Seputembala 2022, patapita zaka pafupifupi 50, nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, idapepesa ku Maputo cifukwa ca Wiriyamu.

Abale anga, Bambo Ferrão polemba maina aja sadadziwe kuti pepala lace lidzafika ku London. Sadadziwenso ngati iye mwini adzaona mawa. Cimene ankadziwa ndi cakuti munthu aliyense ali ndi dzina pamaso pa Mulungu, ndi kuti Mulungu wa coona safuna kuti magazi a osalakwa akwiriridwe ndi bodza. Kudalira Mulungu tsiku limenelo kudali kutenga colembera.

4. Chapotera: mbusa sathawa nkhosa

Dziko lathu lidalandira ufulu pa 25 Juni 1975, ndipo anthu adakondwera. Koma mayesero a Eklezia sadathe, adangosintha nkhope. Pa 24 Julayi caka comweco boma latsopano lidatenga masukulu ndi zipatala zonse, kuphatikizapo za misiyoni. Amisiyonari ambiri adacoka. M'zaka zotsatira nyumba zina za Mulungu zidatsekedwa, ndipo ansembe otsala sankaloledwa kuyenda momasuka m'midzi. Posacedwa nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo idafalikira, mbale kuukira mbale.

Mu 1976 Ambuye Paulo Mandlate adakhala episkopi woyamba wa Tete wobadwira m'dziko muno. Mu 1977 aepiskopi, ansembe, asisteri ndi Akristu wamba adasonkhana ku Beira. Sadakhalire kulira masukulu olandidwa. Adagwirizana kuti Eklezia akhale banja la timagulu tating'ono ta Akristu, mmene aliyense ali ndi udindo: wina kutsogolera mapemphero a Lamulungu, wina kuphunzitsa katekisimu, wina kuyendera odwala, wina kuika maliro, wina kulangiza mabanja. Makolo adati mutu umodzi susenza denga. Denga limene kale ankasenza ansembe okha, tsopano lidasenzedwa ndi mudzi wonse.

Ku Angonia, misiyoni ya Lifidzi italandidwa, ansembe a gulu la Ayezuiti adakakhala pa malo ena pafupi pomwepo, ku Chapotera. Kumeneko kudali Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angonia komweko, wobadwa mu 1930, wolankhula cinenero cathu cino kuyambira pa bere, ndi Bambo Sílvio Alves Moreira wa ku Portugal, wobadwa mu 1941. Nkhondo idafika m'deralo. Malawi adali pafupi, ndipo wa ku Portugal uja akadatha kubwerera kwao. Onse awiri adatsala, kuti anthu asasowe Misa, masakramenti ndi wina wowalimbitsa mtima. Usiku wa pa 30 Okutobala 1985 anthu onyamula mfuti adawatulutsa m'nyumba, nawapha kuthengo. Mitembo yao idapezeka patapita masiku. Mu 2021 diosezi ya Tete idatsegula nchito yofufuza moyo ndi imfa yao, kuti Eklezia adzaweruze ngati angachulidwe Odala.

Kodi tinganene kuti ansembe awiriwa adali ndi cikhulupiriro cocepa, cifukwa Mulungu sadawalanditse? Iai. M'munda wa Getsemani Yesu mwini adapempha Atate kuti masautso ampitirire, koma adaika kufuna kwa Atate patsogolo pa kufuna kwace. Adafa Lacisanu, ndipo yankho la Atate lidabwera m'mamawa wa Lamulungu. Mkristu amadziwa kuti pakati pa pemphero ndi yankho nthawi zina pamakhala manda.

5. Eklezia pansi pa mtengo

Ambiri a ife olankhula Cinyanja kuno ku Degue makolo athu ndi a ku Angonia, ku Tsangano kapena ku Macanga. Inenso ndine mmodzi wa iwo. Ndidali mwana wamng'ono mu 1986 pamene agogo anga aakazi ndi amai adatidzutsa usiku, tidaoloka malire kulowa m'boma la Dedza. Sitidali tokha: anthu a dziko lino amene adathawira ku Malawi adapitirira miliyoni imodzi, ku Nsanje, ku Mwanza, ku Ntcheu, ku Dedza ndi kwina.

Atsibweni anga, munthu wopemphera kuposa tonse, adatsalira kuti atsegulire mbuzi. Sitidawaonenso. Agogo adalira miyezi yambiri, ndipo sindidzanama kuti adamvetsa cifukwa cace. Koma Lamulungu lililonse ankatisambitsa, natitengera pansi pa mkuyu, pamene katekista wina wokalamba, wothawa nkhondo mnzathu, ankawerenga Mthenga Wabwino ndi kutiphunzitsa mapemphero. Wansembe ankabwera mwa apo ndi apo. Katekista uja ankalemba maina a ana obadwa ndi a anthu omwalira m'kope la ana a sukulu. Ndi iye amene adatiuza kuti Yesu nayenso adali mwana wothawa, pamene Yosefe ndi Maria adamtengera ku Ejipito usiku, kuthawa lupanga la Herode. Ine ndidamva ngati Yesu agona nafe m'msasa momwemo.

Akatekista ambiri adalipira nchito imeneyi ndi magazi ao. Pa 22 Malici 1992 ku Guiúa, m'diosezi ya Inhambane, anthu onyamula zida adalowa pa malo ophunzitsira akatekista, nagwira mabanja amene adabwera kudzaphunzira. Anthu oposa 20 adaphedwa, amuna, akazi ndi ana omwe. Kudangotsala miyezi isanu ndi umodzi ndi masabata awiri kuti mtendere usainidwe. Ambuye Diamantino Antunes, amene adasankhidwa kukhala episkopi wa Tete mu 2019, adayamba atumikira pa malo amenewo, ndipo maphunziro a akatekista kumeneko sadafe.

Inu amene mukuwerenga buku lino, dziwani kuti cikhulupiriro cimene mwalandira cidadutsa m'manja otere. Sicidasungidwe ndi makoma a misiyoni. Cidasungidwa ndi anthu wamba amene Lamulungu lililonse ankati: ngakhale kulibe wansembe, ngakhale tili m'dziko la eni, tiyeni tisonkhane.

6. Munda wa Yeremiya

Pali kanthu kena kamene agogo adanyamula usiku uja: mbeu ya cimanga ca makolo, yomangidwa pa kansalu. Pa masiku a njala tinkawapempha kuti akazinge, iwo nkukana. Ankati: "Iyi ndi ya kumudzi." Caka ndi caka ankabzala pang'ono kuseri kwa msasa, kuti mbeuyo isafe.

Nditakula ndidapeza agogo anga m'buku la Yeremiya. Ankhondo a ku Babiloni adali atazinga Yerusalemu, ndipo mneneriyo adali m'ndende. Pa nthawi yotereyo, pamene munthu wanzeru sakadagula ngakhale nkhuku, Mulungu adamuuza kuti agule munda wa mbale wace Hanamele ku Anatoti. Yeremiya adalipira masekeli 17 a siliva pamaso pa mboni, nalamula kuti makalata a mundawo asungidwe mumtsuko kuti akhale nthawi yaitali. Cidali cizindikiro cakuti tsiku lina anthu adzagulanso nyumba ndi minda m'dzikomo. Yeremiya sadadye za m'munda umenewo, koma adaugula.

Mtendere wa dziko lathu udabwera mwa njira yomweyo. M'zaka za nkhondo aepiskopi athu ankalemba makalata opempha mbali ziwiri kuti zikambirane, pa nthawi imene mau otere ankaoneka ngati kupandukira boma. Mu Seputembala 1988 Papa Yohane Paulo II adayendera Maputo, Beira ndi Nampula, napempha mtendere. Mu Julayi 1990 zokambirana zidayamba ku Roma, ku nyumba ya gulu la Sant'Egidio, ndipo mmodzi wa ankhoswe adali Ambuye Jaime Gonçalves, arkiepiskopi wa Beira. Zidatenga zaka ziwiri ndi miyezi itatu, pamene kuno anthu adali kufabe, ndipo cilala ca 1992 cidaonjeza masautso. Kuona maso a nkhono nkudekha. Pa 4 Okutobala 1992, tsiku la Fransisko Woyera wa ku Assisi, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama adasaina pangano la mtendere. Othawa adabwerera, ndipo cimanga ca agogo cidameranso m'munda mwao.

Motero musamvere amene amati kudalira Mulungu ndi kupinda manja. Wodalira Mulungu ndiye amene amasunga mbeu, amatumiza mwana ku sukulu, amapita ku cipatala, amamanga nyumba yace kutali ndi njira ya madzi, amakhala pansi ndi mdani wace kuti akambirane. Amacita zimenezi cifukwa akhulupirira kuti mawa lili m'manja mwa Mulungu, ndipo nkoyenera kulikonzekera.

7. Nanga ife lero?

Mabvuto a masiku athu ali ndi maina ena. Pali anamondwe ndi cilala. Pali nkhondo ya kumpoto, imene mu Seputembala 2022 idapha Sisteri Maria De Coppi pa misiyoni ya Chipene m'cigawo ca Nampula. Pali cipwirikiti conga cimene cidatsata masankho a Okutobala 2024, pamene anthu ambiri adafa m'miseu ya mizinda yathu. Palinso mabvuto a m'nyumba amene salembedwa m'nyuzipepala: kucotsedwa nchito, matenda osacira, mwana wolowerera, banja losweka.

Pa nthawi zotere mdierekezi amabwera ndi mayesero atatu. Loyamba ndi kutaya mtima: kunena kuti Mulungu wandiiwala, nkusiya kupemphera. Laciwiri ndi kufunafuna cithumwa: kuthamangira kwa woombeza kapena kwa mlaliki wogulitsa zozizwitsa, amene kawirikawiri amaloza cala nkhalamba ya m'banja kuti ndiyo mfiti. Lacitatu ndi kubwezera: kuyesa kuti popeza dziko lasokonezeka, malamulo a Mulungu ayamba apuma, ndipo munthu angathe kuba, kunama ndi kupha. Mkristu amakana onse atatu. Amalira, amafunsa, nthawi zina amadandaulira Mulungu monga adacitira Yobe, koma amalirira m'manja mwa Atate, osati kunja kwa khomo.

Tsono ndibwerere kwa mai uja. Patapita masiku ndidapita kwao pamodzi ndi amai awiri a m'gulu lathu, titatenga ufa ndi nkhuni. Ndidati: "Amai, cifukwa cimene mwana uja adapitira, ine sindingakuuzeni, ndipo amene angakuuzeni kuti akudziwa akukunamizani. Koma kumene Mulungu adali usiku umenewo, Eklezia atiphunzitsa. Adali kumene adali pa Lacisanu Loyera, pamene Mwana wace ankafa, Maria ataima pafupi. Adali m'madzimo pamodzi ndi mwanayo, ndipo sadamtaye. Mapemphero anu sadagwe pansi."

Sadayankhe kanthu. Miyezi ingapo sitidawaone ku kapela, ndipo tidawasiya osawakakamiza, koma kuwayendera sitidaleke. Cakumapeto kwa Okutobala adabwera ndi kapepala m'manja, nati: "Aphunzitsi, lembani dzina ili, licite kuwerengedwa pa Misa ya akufa pa 2 Novembala." Funso lao silidathe, ndipo mwina silidzatha pansi pano. Koma adabweretsa dzina la mdzukulu wao kwa Iye amene saiwala dzina la munthu. Kumeneko ndiko kudalira Mulungu.

Zoti tisunge pamtima

Funso: Kodi kudalira Mulungu nciani?
Yankho: Kudalira Mulungu ndi kuika moyo wathu m'manja mwace, pokhulupirira kuti Iye ndi Atate, kuti ali nafe m'mabvuto, ndi kuti adzatiukitsa monga adaukitsira Yesu.

Funso: Kodi Mulungu adalonjeza kuti omkhulupirira sadzasauka?
Yankho: Iai. Yesu mwini adasauka ndi kufa. Mulungu adalonjeza kuti sadzatisiya, ndi kuti zoipa sizidzapambana mpaka muyaya.

Funso: Kodi tsoka lililonse ndi cilango ca macimo?
Yankho: Iai. Masoka ena amadza cifukwa ca kuipa kwa anthu, ena cifukwa ca cilengedwe, ndipo amagwera olungama ndi osalungama omwe.

Funso: Kodi nkulakwa kupempha Mulungu kuti atipulumutse ku zoopsa?
Yankho: Si kulakwa; tiyenera kupempha ndi mtima wonse. Koma tipemphe monga Yesu ku Getsemani, polola kuti kufuna kwa Atate kukhale patsogolo.

Funso: Kodi wodalira Mulungu amaoneka bwanji?
Yankho: Amapemphera osaleka, amanena zoona, sataya anzace pa mabvuto, sabwezera coipa, ndipo amagwira nchito yokonzekera mawa.

Mafunso okambirana m'gulu

1. Pa nkhani ya bwato, ndi ciani cimene ophunzira adaiwala? Nanga ife timaiwala ciani mantha akatigwira?
2. Fotokozani kusiyana kwa korona ndi cithumwa. Kodi munthu angasandutse bwanji korona kukhala cithumwa?
3. Bambo Ferrão adalemba maina, ansembe a ku Chapotera adatsala ndi anthu, agogo adasunga mbeu. Pa mabvuto a mudzi wathu lero, ndi nchito iti imene Mulungu akutipempha?
4. Munthu woferedwa akatifunsa kuti Mulungu adali kuti, ndi mau ati amene sitiyenera kumuuza?
5. Kodi m'gulu mwathu muli wina amene adasiya kubwera cifukwa ca tsoka? Tamuyendera kangati?

Cocita sabata ino

Pitani kwa munthu wacikulire wa m'banja mwanu kapena wa m'mudzi, mumfunse mmene ankapempherera pa nthawi ya nkhondo. Lembani maina a abale anu amene adafa kapena kusowa m'zaka zimenezo, mubwere nao Lamulungu likudzali, kuti tidzawachule pamodzi pamaso pa Mulungu. Ndipo awiriawiri mukayendere banja limodzi limene lili pa mabvuto, osapita cimanjamanja.

Pemphero

Atate a cifundo, Inu mudaona magazi a ku Wiriyamu, a ku Chapotera ndi a ku Guiúa, ndipo mudayenda ndi makolo athu m'njira za usiku. Tikacita mantha, tikumbutseni kuti Mwana wanu ali nafe m'bwato. Tikasowa yankho, tigwireni dzanja kuti tisakutayeni. Tipatseni mtima wonena zoona, wosathawa anzathu, wosabwezera. Landirani akufa athu, tonthozani amai olira, ndipo dziko lathu la Mozambique mulisungire mtendere. Tikupempha kudzera mwa Yesu Kristu Ambuye athu. Amen.

Maria Woyera, Amai a othawa ndi a olira, mutipempherere ife.